Wakuba Mbuzi Achokere Chigawo Chiti?

Kwathu ku Tonsetilimo tili ndi mwambo umene timaunyadira kuposa mvula yoyamba. Chinthu chikabwera m'dziko, timachigawa monga tigawira ng'ombe ya pachikondwerero. Timayala masamba a nthochi pabwalo, timaitana zigawo zonse zisanu, aliyense nkunyamula mulu wake. Chifuwa ndi cha a Kumpanda, popeza ndiwo oyandikana ndi Mfumu. Ntchafu ndi za a Tidayamba, amene amati anafika m'dziko muno mitengo isanamere. Mapewa amapita ku Nafenso, nthiti ku Musatiiwale. A Kumapeto, kumene msewu umathera pamtsinje, amatenga mang'ina.

Pa ng'ombe mwambowu umatithandiza ndithu. Kungoti ife sitidziwa polekezera. Chaka china alendo anatipatsa njinga yamoto yonyamulira odwala, ndipo tinaigawa bwinobwino. Injini ili Kumpanda, matayala ali ku Tidayamba, hutala ili Kumapeto. Mpaka lero palibe chigawo chimene chinadandaulapo, ndipo palibe wodwala amene anakwerapo.

Wailesi ya kanema itafika, kamera inali imodzi yokha m'dziko lonse. Iyoyo inapulumuka mpeni chifukwa Mfumu Sakhumudwitsa Wachiwiri inkakonda kudziona. Inali mfumu yofatsa, yosafuna kuti munthu achoke pamaso pake nkhope ili yakugwa. Wonyamula kamerayo anali Esinati Nasoko, mayi wa zaka makumi atatu, wobadwira Kumpanda. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi Esinati anajambula Mfumu ikutsegulira chitsime, Mfumu ikutsegulira chitsime chomwecho atachikonza, ndi Mfumu ikulankhula za ubwino wa zitsime. Loweruka kunkakhala kasewero ka mlonda wa Kumapeto amene ntchito yake inali kuwodzera pageti ndi kugwa pampando. Tinkaseka tonse mpaka misozi. A Kumapeto sitinawafunse, poti kwawo kulibe magetsi, ndiye tinkati sakudziwa.

Tsiku lina Esinati anagwada pamaso pa Mfumu, mapepala ali m'manja.

"Wawa, mwini dziko, ndalemba nkhani. Ndikupempha kamera mwezi umodzi kuti ndijambule filimu."

"Muli chitsime?" inafunsa Mfumu.

"Mulibe, Wawa. Muli mbuzi."

Nkhaniyo inali yaifupi. Bambo wina wosauka ali ndi mbuzi imodzi yamkaka. M'mawa wina apeza khola lili pululu. Alondola mapazi ake, awoloka mtsinje, aipeza kwa mayi wamasiye amene waiba kuti azikamira mdzukulu wake wakhanda, mwana amene mayi wake anamwalira pobereka. Ndiye bamboyo aganize chochita.

Mfumu inapukuta m'maso, inati nkhaniyo njabwino. Kenaka inakumbukira kuti ndi mfumu.

"Tenga kamera, mwana wanga. Filimu yako ikakondweretsa zigawo zonse, kamerayo ikhala yako, uzijambula nkhani mpaka ukalambe. Koma chigawo chimodzi chokha chikadandaula, ubwerera kuzitsime. Ndipo nkhaniyi iyambe yadzera pabwalo, monga mwa mwambo."

Lachiwiri lotsatira masamba a nthochi anayalidwa. Nduna Yogawa, a Kamphinda, anabwera ndi mpeni wawo uja wa chogwirira cha nyanga, naika mapepala a Esinati pakati. Nthumwi za zigawo zinakhala mozungulira. Mlembi anawerenga nkhani yonse mokweza, anthu nkumagwedeza mitu.

Woyamba kuimirira anali a Dzoole, nthumwi ya ku Tidayamba, mkulu wa ndevu zoyera amene sanakhalepo chete pamsonkhano chibadwire.

"Nkhaniyi taimva. Mwini mbuziyu ndi munthu wopirira, waulemu, wodziwa kulondola mapazi. Ndikamumva chonchi, ameneyu ndi wa ku Tidayamba."

"Nafenso timalondola mapazi!" inakuwa nthumwi ya ku Nafenso.

"Inu mumalondola fungo la mowa," anatero a Dzoole.

"Akuluakulu, musatiiwale," inatero nthumwi ya ku Musatiiwale, chifukwa kwawo msonkhano uliwonse amauyamba ndi mawu amenewo.

A Kamphinda anakweza mpeni, bwalo nkuti zii. Anati palibe chovuta, munthuyu agawidwa. Mwini mbuzi asakhale mmodzi, akhale anayi, chigawo chilichonse wakewake, kupatula Kumapeto kumene palibe anakukumbukira. Kumpanda atenge nzeru zake, ku Tidayamba kupirira kwake, ku Nafenso kulimba mtima, ku Musatiiwale mapemphero. Mawu onse amene bamboyo amalankhula adulidwe mofanana.

Esinati anakweza dzanja. "Pepani a Nduna, munthuyu ndi wosauka. Chisoni chake nchakuti ali yekha, ndipo mbuzi ndi imodzi."

"Mbuzi imodzi?" anadabwa a Dzoole. "Ya chigawo chiti?"

Apa panatha ola lathunthu. Anagwirizana kuti m'nkhanimo mbuziyo ikhalebe imodzi, koma pojambula chigawo chilichonse chitumize yake, zizisinthana.

Dzuwa litapendeka, a Kamphinda anali atamaliza kudula, milu inayi ili ndondondo pamasamba. Pambali panatsala mapepala asanu ndi limodzi osadulidwa. Anawanyamula ndi zala ziwiri ngati chinthu chonunkha.

"Kwatsala wakuba. Achokere chigawo chiti?"

Anthu amene tsiku lonse ankalimbirana mawu anayamba kuyang'ana mitambo. A Dzoole anati chiyambire dziko ku Tidayamba sikunabadwe wakuba, mbuzi zimangosochera zokha kupita m'miphika. A ku Nafenso anati pa ichi chokha iwo sali nawo. A ku Musatiiwale, kwa nthawi yoyamba m'mbiri yathu, anapempha kuti aiwalidwe. Wina anati wakubayo akhale mlendo wochokera kunja. Wina anati ikhale mphepo. Wina anati mbuziyo isabedwe, ingopita kukacheza.

Esinati anaona nkhani yake ikufa. Popanda wakuba panalibe cholondola, panalibe mtsinje wowoloka, panalibe filimu.

Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi pomangirira njinga, kunakhala nthumwi ya Kumapeto, a Nachanza, mayi wamfupi woumba mbiya, amene anayenda masiku awiri kudzafika pabwalopo ndipo chifikire anali asanafunsidwe kanthu. Anaimirira, namanga bwino chitenje.

"Bweretsani kuno."

"Mayi, mwamva bwino?" anafunsa a Kamphinda. "Ameneyu ndi wakuba."

"Ndamva. Amagwa pampando?"

"Ayi."

"Amawodzera pageti?"

A Kamphinda anayang'ana pansi. Tonse tinayang'ana pansi. Zinaoneka kuti nkhani zimafika ngakhale kumene magetsi safika.

"Ndiye bweretsani. Munthu wodzuka yekha, nkuganiza yekha, nkukachita chinthu ndi manja ake, ife pakanema sitinapatsidwepo. Ngakhale chinthucho chikhale choipa, bweretsani."

Bwalo linaomba m'manja ndi mtima wonse, monga tiombera munthu amene wavomera kukumba manda pa tsiku la mvula.

Kujambula kunayamba Lolemba. Nthumwi zinasankha anthu oti asewere, ndipo mwamwayi chigawo chilichonse chinapeza kuti munthu waluso kwambiri kwawoko ndi nthumwi yomweyo. Kumpanda kokha ndi kumene kunasewera mlamu wa a Kamphinda, chifukwa eni akewo, amene analinso nthumwi ya kumeneko, anali ndi ntchito ina: anabwera ndi wenzulo ndi wotchi, kuti wina asalankhule kupitirira mnzake.

Eni mbuzi anayi anaima pakhomo pa khola laling'ono, mapewa atagundana.

"Ndadzuka m'mamawa," anayamba wa Kumpanda. Wenzulo inalira.

"Ndapeza khola," anatero a Dzoole. Wenzulo inalira, koma a Dzoole anapitiriza kufotokoza kuti makola oyamba m'dziko muno anamangidwa ku Tidayamba, mpaka anachita kuwagwira mkono.

"Lili pululu!" anakuwa wa ku Nafenso, akudziguguda pachifuwa, chifukwa iye anapatsidwa kulimba mtima.

"Kalanga ine," anatero wa ku Musatiiwale. Atatero anadandaula kuti mawu akewo ngochepa, ndiye analoledwa kuwanena katatu.

Kanjira kolondola mapazi kanali kopapatiza, koma palibe amene akanayenda kumbuyo kwa mnzake. Anayenda anayi mopingasa, awiri m'njira, awiri m'chitedze. Esinati ankangojambula. Madzulo aliwonse ankapukuta kamera ndi nsonga ya chitenje, nkumaiyang'ana ngati mwana amene akupita kukakhala kwa ena.

Kumsika wa Tiwonenawo nkhani inali yomweyo. Ogulitsa makala anati anamva kuti filimuyo ndi ya anthu anayi amene akwatira mbuzi imodzi. Wometa tsitsi anati ayi, ndi ya mbuzi zinayi zimene zikufunafuna munthu. Mayi wina wogulitsa thobwa anafunsa ngati nkhuku nazonso zidzakhale ndi nthumwi, chifukwa zake zayamba kumuyang'ana moipa.

Sabata yachitatu inali yopita Kumapeto. Galimoto la a Nduna linafika pamtsinje nkuima. A Kamphinda anatsika, nayang'ana madzi, nayang'ana nsapato zawo.

"Mang'ina sayezedwa," anatero. "Pitani, mundipeza pano."

Anakhala pamthunzi ndi wenzulo yawo. Esinati anasenza kamera pamutu, eni mbuzi anayi anapinda mabuluku, onse nkuwoloka.

A Nachanza anawalandira pakhomo pa nyumba yawo, khanda la mwana wa mchemwali wawo lili kumsana. Mapepala aja anali atawawerengetsa kwa mphunzitsi mpaka kuwaloweza. Koma asanayambe anamukokera Esinati kuseri kwa nkhokwe.

"Mwana wanga, iwe Kumapeto kuno unayamba wafikako?"

"Ayi, amayi. Nkoyamba."

"Zikuoneka. Apa walemba kuti eni mbuzi akafika, ine ndigwe pansi, ndigubuduke, ndilire, ndigwire miyendo yawo. Ameneyo ndi mlonda uja, wangomuveka chitenje."

Esinati anamva manyazi mpaka m'makutu. Masamba amenewo ndiwo ankawanyadira kuposa onse, ndipo ankati powalemba anachitira a Kumapeto chifundo chachikulu.

"Nanga akanatani, amayi?"

"Kuno munthu akakupeza ndi chinthu chake, umayamba wamuyalira mphasa ndi kumupatsa madzi. Wayenda mtunda wautali chifukwa cha iwe, ndi mlendo wako. Kulira umalira akapita. Ndiponso mbuzi sitikamira kutsogolo ngati mmene walemberamu. Ingakuponde."

Esinati anayang'ana mapepala ake, nayang'ana mayiyo. Anawapinda, nawalowetsa m'thumba.

"Chitani mmene mukanachitira. Ine ndingojambula."

Eni mbuzi anayi anatulukira pabwalo mopingasa monga mwa masiku onse. A Nachanza anali chogwada pambali pa mbuzi, chikho chili pansi. Anatembenuka, nawayang'ana mmodzimmodzi osaphethira. Anadzuka, nayala mphasa, natunga madzi, napereka ndi manja awiri.

"Mbuzi yanu ndi iyo. Sinasochere, ndinaba ndine. Dikirani ndikame kaye, mwana sanadye."

Anabwerera kukagwada. Mkaka unayamba kulira m'chikho.

Anayi aja anadikira wenzulo kuti adziwe woyamba kulankhula. Wenzulo inali kutsidya. Ndiye anangokhala pamphasa, madzi ali m'manja, kuyang'ana mayi akuthira mkaka m'kamwa mwa khanda ndi kasupuni. Wolimba mtima anaiwala kudziguguda. Wamapemphero anaiwala kupemphera. Anthu amene anawaona amati chiyambire sanasewerepo bwino chotero.

Patapita nthawi a Dzoole anatsokomola. Esinati anagwira mtima, poganiza kuti mbiri ya makola yayambanso. Koma mkuluyo anafunsa motsitsa mawu, funso limene silinali papepala lililonse:

"Mwanayu dzina lake ndani?"

"Sitinamutche. Timadikira tione ngati akhala."

A Dzoole anaika chikho pansi, naimirira, natenga ndodo yawo. "Mbuziyo mudzabweze akayamba kudya phala," anatero, nauyamba wobwerera. Atatu enawo anawatsatira, mmodzi pambuyo pa mnzake, monga ayendera anthu m'kanjira.

Filimu inaonetsedwa Loweruka masana m'chigafa chachikulu cha fodya pafupi ndi msika, m'mbali atatchinga ndi ziguduli kuti mukhale mdima. Mfumu inakhala kutsogolo, nthumwi pambuyo pake, ife tonse kumbuyo pamodzi ndi ogulitsa mtedza.

Mbali yoyamba inatisangalatsa m'njira imene Esinati sanafune. Mbuzi inabedwa ili yakuda. Pokumbukira mwini wake woyamba inali yoyera. Pokumbukira wachiwiri inali yamawanga. Ya ku Nafenso itatulukira chigafa chonse chinagwa ndi phwete, chifukwa iwo, posafuna kuchepa, anatumiza tonde wandevu.

"Ameneyo akamukama bwanji?" anakuwa munthu wina kumbuyo.

"Boma likamuuza, atulutsa!" anayankha wina.

Anthu ankatuluka kukagula chinangwa nkubwerera, osafunsa nkomwe zimene zawapita. Esinati anakhala pakona, nkhope ili m'manja.

Kenaka pansalu panaoneka mtsinje, kenaka nyumba ya udzu, kenaka a Nachanza akutembenuka. Phokoso linayamba kuzilala kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Wogulitsa mtedza anakhala pansi, lichero lili pamiyendo. Mkaka unkamveka kulira m'chikho chigafa chonse. Pamene a Nachanza anati mwanayo sanamutche dzina, mayi wina pakati pathu analira mokweza, anzake nkumutulutsa. Mfumu inapempha mpango wachiwiri.

Pofika Lolemba dziko lonse linali litaloweza mawu amodzi okha. Mwamuna akafunsa chakudya, mkazi ankati, "Dikirani ndikame kaye." Kondakitala akakuwa kuti anthu akwere msanga, agogo ankayankha chimodzimodzi. Za eni mbuzi anayi palibe ankazikumbukira, kupatula funso lija la a Dzoole, ndipo ambiri ankati mkuluyo ayenera kuti ndi wa Kumapeto.

Lachitatu kunabwera uthenga woti zigawo zinayi zapereka madandaulo, bwalo likumane. Esinati anakulunga kamera m'chitenje chake chatsopano, naisenza kupita nayo kwa Mfumu. Panjira anadutsa pachitsime china chimene anali atangochipaka laimu, ndipo anadziwa kumene akhale sabata yamawa.

A Dzoole ndiwo anayamba.

"Wawa, mwini dziko, tapusitsidwa masana dzuwa likuswa mtengo. Ife anatipatsa zidutswa, munthu wathunthu anapita Kumapeto. Mdzukulu wanga weniweni akundifunsa kuti agogo, mufilimu muja inu munali uti? Kumsika akuti ndine wa Kumapeto. Ine!"

"Nafenso tikufuna wakuba!" inakuwa nthumwi ya ku Nafenso.

"Pa nkhani ya kuba musatiiwale," inatero inzake. "Kwathu aliko odziwa, ena ndi apabanja pathu pomwe."

"Mwaulemu ndithu," anatero mlamu wa a Kamphinda, "ngati tikunena za luso limeneli, likulu lake ndi Kumpanda. Aliyense akudziwa."

Apa a Dzoole anakwiya zenizeni. Anati mbuzi yoyamba kubedwa m'dziko muno inabedwa ku Tidayamba, ndipo anaiba ndi agogo awo aamuna, dzina angathe kulitchula.

Mfumu inatembenukira kwa a Nachanza, amene ulendo uno anawakhazika kutsogolo, nifunsa ngati ali ndi mawu.

"Ochepa, Wawa. Mpeni sunali m'manja mwathu. Chimene munachikonda munachidula, chimene munanyansidwa nacho munachisiya chamoyo. Ife tinangotola."

Mfumu inakumbukira zimene inalonjeza. Mawu ake oyamba anali akuti chigawo chikadandaula kamera ibwerere kuzitsime, ndipo apa zadandaula zinayi. Koma kubweza kamera kukanakhumudwitsa zinayi zomwezo, zimene tsopano zinkalirira filimu ina. Chibadwire Mfumu yathu inali isanapanikizikepo chotero. Pomaliza inaimirira, mlembi nakonzeka.

"Lemba. Kamera ikhala ndi Esinati Nasoko kufikira chigawo chilichonse chitaba mokwanira. Filimu yotsatira ikhale ndi akuba anayi, aliyense wathunthu, wosadulidwa, wokhala ndi chifukwa chake chomvetsa chisoni. Wenzulo isayandikire."

Nthungululu zinamveka mpaka kumsika. Esinati anagwada, nathokoza, nakumbatira kamera yake. Atafika pachipata anabwerera.

"Pepani, Wawa. Akuba anayiwo aziba kwa yani?"

Nthumwi zinayambanso kuyang'ana mitambo. A Dzoole anati munthu wa ku Tidayamba saberedwa, amagona diso limodzi lili penye. A ku Nafenso anati iwo si opusa. Onse anatembenukira kwa a Nachanza, koma iwo anali atanyamula kale kathumba kawo, akuti ulendo ndi wa masiku awiri ndipo mbiya zikuwadikira.

Mawa lake m'mawa Esinati anafika pamsika wa Tiwonenawo, kamera ili paphewa, kufunafuna munthu wovomera kuberedwa. Anayenda mzere wa makala, mzere wa nsomba zouma, mzere wa zovala zakaunjika. Aliyense ankamufunsa ngati malo a wakuba atsalako. Atatopa anakhala pa njerwa pafupi ndi a Nangondo, mayi wachikulire wogulitsa tomato, nawafotokozera vuto lake lonse.

A Nangondo anamvetsera akupanga milu yawo, atatu pansi, mmodzi pamwamba.

"Ndiye ukufuna munthu woti aziberedwa, iye nkumangomwetulira?"

"Eya, amayi. Koma aliyense akukana."

"Nanga ndiyenera kuloweza mawu?"

"Ochepa chabe."

"Usavutike nkulemba, mwana wanga." Anasuzumira kumene kunali dzuwa, nasendeza dengu lawo kuti pakhale malo. "Imika makina akowo apa, uyang'anitse kuno. Asilikali a kunyumba ya Mfumu amabwera cha m'ma teni kudzalawa tomato. Amakhala anayi ndithu, ndipo aliyense ali ndi chifukwa chake chomvetsa chisoni."

Esinati anatambasula miyendo ya kamera, napukuta galasi, nayamba kudikira.